Kapu ya Make Fundo

Thandizo anabwerako kuchipatala kwa Chamama mwana ali kumsana, kabokosi kozizira kali m'manja, nkhope ili gwaa. Amayi anzake a matenanti anali m'chigafa, atakhalira matumba otha a feteleza wa makuponi, akusoka fodya. Singano zonse zinaima.

"Make Fundo, ndege ija yalephereka?" anafunsa Rute, mnzake wa khomo loyandikana, amene nayenso anali ndi khanda pamwendo.

"Ulendo ulipo. Koma anamwino andiuza zinazake."

Fundo anabadwa ndi mlomo wong'ambika mpaka m'kamwa, ndiye bere ankangolinyambita, osatha kukoka. Chibadwire chake Thandizo ankafinyira mkaka m'kapu n'kumamumwetsa pang'onopang'ono. Tsopano bungwe lina linali litawapezera madokotala ku Joni, ndipo mkaka wa panjira unayenera kuyenda m'mabotolo, m'kabokosi kaja.

"Akuti pabwalo la ndege salola zamadzimadzi," anatero Thandizo. "Mkaka wa mwana amalola, koma nthawi zina amati ulawe kaye iwo akuona. Ukakana akhoza kuutaya."

"Ulawe chiyani?" A Angelina, mayi wamkulu pa esiteti yonse, anaponya fodya pansi. "Mkaka wako womwe? Azungu amenewa ali bwino? Kwathu mkazi akalawa wake, mawere amauma tsiku lomwelo."

"Munamuonapo wouma, mayi?" anafunsa Rute.

"Ndikamuone kuti? Ndani angachite zopusazo?"

Nkhani inakula ngati moto wa m'tchire. Wina anati mumlengalenga mkaka umasasa. Wina anafuna kudziwa ngati khanda limalipira mpando. Onse anagwirako kabokosi, aliyense n'kusiyapo chala chakuda ndi utomoni wa fodya.

Thandizo sanaseke nawo. Mantha anamugwira zenizeni. Akakana kulawa, Fundo akalira ndi njala m'mitambo, poti kufinya pakati pa abambo achilendo, mwana ali pamwendo, si zinthu. Akalawa n'kuuma, akauma kudziko la eni, kopanda ndi mmodzi yemwe womudziwa. Anayang'ana Rute, amene bulauzi yake inali yonyowa ndi mkaka wochita kutayika, ndipo maganizo anamubwerera.

"Rute, nditati ndauma, ungamamufinyire mwanangayu?"

"Ine? Ndili ngati ng'ombe ya mkaka ya ku Katete ine. Angachite kutopa yekha."

"Ndiye ngati n'kuuma, ndiumire konkuno."

Anasamba m'manja ndi sopo mpaka kuwawa kwa fodya kutachoka, anatembenukira kumzati, n'kufinyira m'kapu yake yapulasitiki. A Angelina anati iwo zimenezi saziona nawo, n'kufunda chitenje kumaso. Koma diso limodzi linatsala panja.

Thandizo anatsinzina, n'kumeza.

Amayi akuluakulu, oti abereka mpaka kutopa, makosi ali tuu kumuyang'ana pakamwa.

"Ukumveka bwanji?" ananong'ona Rute.

"Wotsekemera," anatero Thandizo modabwa. "Ngati madzi a phesi la chimanga."

"Bodza!" anakuwa amayi aja.

Phokosolo linadzutsa Fundo, ndipo anayamba kulira kulira kwake kotulukira m'mphuno. Nthawi yomweyo Thandizo anamva mawere akuyabwa ndi kulemera, madontho awiri n'kutulukira pa bulauzi, kumakula onse akuona. Anaseka misozi ili mbwembwembwe, akumasula mwana kumsana.

"Tione mawa," anatero a Angelina, koma mawu analibe mphamvu.

M'mawa mwake anali oyamba kufika pakhomo pa Thandizo, ati kudzapempha moto. Anamupeza wadzaza kale kapu, akumwetsa Fundo. Anaima nthawi yaitali, chikuni cha moto chimene anapatsidwa chikuwazimira m'manja.

"Ana asanu ndi awiri ndayamwitsa ine," anatero motsitsa mawu, "osadziwa n'komwe chimene ndinkawapatsa."

Anayang'ana uku ndi uku, n'kutambasula chikhatho.

"Tandidonthezera kadontho apa, mwanawe. Ine ndinauma kalekale, palibe chimene ndingataye."