Mapazi Awiri Pamsana pa Maud

"Kwerani ndi onse awiri," ndinatero. "Phazi limodzi n'la nkhuku pamvula."

Bana Mpundu anandiyang'ana, phazi lamanja lili pamsana pa Maud, lamanzere likadali pasimenti. Anandigwira phewa kuti asagwe. Ndi mayi wachibemba wa nyumba yachitatu kuchokera pathu muno m'komboni ya George, ndipo dzinalo anawapatsa chifukwa anabereka mapasa. Ife tinakula tikumva kuti phazi la mayi wa mapasa limawongola msana, ndiye anthu ankawaitana uku ndi uku.

"Awe, ba mayo," anatero. "Ine nimaponda na imozi chabe. Onani mwamene nanenepela masiku ano."

"Kunenepako ndiye mankhwalawo. Msana wokana mapilisi zaka khumi ndi ziwiri ungamve kachala kanu?"

Maud anagona chafufumimba pamphasa, ataluma nsalu. Nsaluyo ndinamupatsa ndine, poti lamulo lake n'lakuti wopondedwa salankhula. Akalankhula, matenda amamva mawu a mwini wake n'kubwerera.

Maud ndi mwana wa malemu mlongo wanga Moven. Nthawi imeneyo anali ndi zaka makumi anayi ndi zinayi. Sukulu ya sekondale anaimaliza bwino, koma atate ake atamwalira anakalowa mumsika, nasenza mabelo a salaula, zovala za kaunjika, mpaka tsiku lina belo linamupinda ngati waya. Kuyambira pomwepo msana unakhala mwamuna wake weniweni: wogona naye, wodzuka naye, wosachoka pakhomo. Mwamuna winayo, wa mphete, anasamukira ku Chilenje kwa mkazi wosabuula. Ana ake atakula, Maud anakalembetsa kukoleji ya aphunzitsi. Ndinamuseka mpaka kutsokomola.

"Anzako akulera zidzukulu, iwe ukugula rula?"

Ndinamutcha ba Hedi, ngati mphunzitsi wamkulu, dzinalo n'kufala mpaka pakiyosiki potunga madzi. Ine sukulu ndinaisiya kalasi yachiwiri, nditaika chule m'chipewa cha aphunzitsi, ndiye za mabuku ndinkangoona ndi maso. Ndinkamuona akuwerenga chiimire, buku lili pamwamba pa kabati. Miyendo ikatopa ankagona chagada pansi, buku lili m'mwamba ngati ambulera. Kukhala pampando ndiye kunali kumuotcha. Chaka chathacho anakhala pa mayeso omaliza ola limodzi ndi theka, msana n'kumugwira, natuluka pepala lisanathe. Koleji imapereka mpata wachiwiri. Wachitatu kulibe.

Ulendo uno akukoleji anamuuza kuti akabweretsa kalata ya dokotala ofesi isanatseke, tsiku loti mawa mayeso, adzamukonzera tebulo lalitali alembe chiimire. Masana amenewo anali atasamba, atavala, akupita kukiliniki kukatenga kalatayo. Nsapato zake ndinazibisa m'thumba la makala.

"Ba Anti, nsapato zanga zili kuti? Nizachedwa."

"Zapita zokha kukiliniki, zatopa kukudikira."

"Sinisewela, ba Anti. Dokota anakamba ati munthu asakanikize pamsana."

"Dokotala uja wa masharubu atatu? Gona apa mphindi khumi zokha. Ukadzuka, kalatayo uzikapita kukaitenga ukuthamanga, ndipo mawa ukakhala pampando ngati bwana."

Maud anandiyang'ana. Anali atatopa, kutopa kwa munthu amene wayesa zonse. Anaseka pang'ono, chifukwa ine palibe amene ankandikanira osaseka, kenaka anagona.

Ndiye Bana Mpundu anakweza phazi lachiwirilo.

Maud anamenya simenti ndi chikhatho. Kamodzi, kawiri.

"Akamba kuti nileke," anatero Bana Mpundu.

"Akuombera m'manja. Tsikirani m'chiuno, m'menemo ndi mmene muli chilombocho."

Anasuntha chidendene. Panamveka phokoso laling'ono, ngati munthu wathyola nzimbe kuseri kwa nyumba. Ine ndinaimba nthungululu. Inde, ndinaimba, ndi mawu anga onse, mpaka ana a panja anasuzumira pakhomo. Bana Mpundu anatsika. Maud sanadzuke. Analavula nsalu ija, nalankhula motsitsa ngati akufunsa nthawi.

"Ba Anti, gwilani mwendo wanga wa kumanzele."

Ndinaugwira.

"Gwilani, nakamba."

"Ndagwira, mwana wanga."

"Sinimvela."

Kukiliniki sanapite. Ndinati tifune galimoto tipite kuchipatala chachikulu, iye anakana. Anati akakalowa kumeneko akamugoneka, ndipo mayeso sadikira wogona. Ine ndinavomera msanga, msanga kwambiri, chifukwa kuchipatalako akanafunsa kuti chachitika n'chiyani.

Kutacha, mwendo unali kukwekwereka ngati wobwereka. Tinamuveka diresi lake labuluu. Nsapato ndinazitulutsa m'makala muja ndi kuzipukuta, iye akuyang'ana. Minibasi sizilowa m'kanjira kathu, ndiye tinachotsa zigubu muwilibala yotungira madzi, tinayalamo bulangete ndi kumugoneka cham'mbali. Bana Mpundu anagwira chogwirira china, ine china. Maso awo anali ofiira. Mwala uliwonse umene gudumu linagunda, Maud ankatseka maso, milomo ikuyenda. Ndinayesa akupemphera. Nditatchera khutu ndinamva kuti akubwereza za m'buku.

Pakiyosiki amayi anasiya mpopi ukutayika.

"Ba Hedi lelo bali na motoka!" anafuula wina, poyesa ndi masewera anga a masiku onse.

Anadikira kuti ndiyankhe. Ine ndinangokankha wilibala.

Pamsewu kondakitala anatiyang'ana, nayang'ana wilibala.

"Ba gogo, iyi ni basi, si ambulansi. Chipatala ni uko."

"Tikupita kukoleji," ndinatero.

"Kukoleji? Bayenda kukapunzila kufa?"

"Iwe, amako anakubereka chakumapazi eti? Gwira uku timukweze."

Anagwira. Pampando Maud sanathe kukhala. Anagwada pansi pakati pa mipando, chifuwa chili pamaondo panga, nkhope ili m'chitenje changa. Bambo wina m'basimo anavula chipewa. Bana Mpundu anatsala pamsewu ataimirira pambali pa wilibala yopanda kanthu.

Pakhomo pa holo ya mayeso panali mayi woyang'anira, ba Kafula, wamagalasi, mndandanda wa maina uli m'manja. Ophunzira anzake a Maud, ana a msinkhu wa ana ake, anatipatukira. Maud anali atandikolowekera dzanja m'khosi.

"Madamu, nipempako kulemba choimilila."

"Kalata ya dokota ili kuti, ba Maud? Tinakuyembekezani zulo mpaka ofesi kutseka."

"Sininakwanise."

"Nanga nizachita bwanji ine? Tebulo sitinakonze. Mukaimilila pakati pa banzanu, bazakamba ati muona mapepala yao. Lamulo ni yakuti aliyense pa desiki yake, pa nambala yake."

Ndinalowererapo. Ndinayesa zanga zija zimene zimatsegula zitseko.

"Amayi, uyu ngakhale atakwera padenga sangaone pepala la mnzake. Maso ake anatha ndi singano. Muikeni kumbuyo, ayang'ane khoma ngati mwana wakuba shuga."

Ba Kafula sanaseke. Sanali munthu woipa. Anayang'ana mwendo wa Maud, nanena motsitsa kuti, "Ba mayo, uyu muntu afunika kuchipatala manje manje."

"Nizankala," anatero Maud. "Nipelekeni chabe pa desiki."

Tinamukhazika. Pamene thako linakhudza mpando, ndinayembekeza kumva kubuula kumene ndinakuzolowera. Sanabuule. Anandiyang'ana modabwa.

"Siviwawa maningi," ananong'ona.

Mtima wanga wopusa unalumpha. Ndinati kodi phazi lija lagwira ntchito? Ndinatuluka ndikumwetulira, ndinakaima pazenera panja, pamene ndinkamuona bwino, mzere wachitatu kuchokera kukhoma.

Analemba. Mmene ndinamuonera akulemba tsiku limenelo sindinamuonepo. Mutu pansi, dzanja likuthamanga, tsamba kutembenuka, lina kutembenuka. Ola linatha. Malo aja amene chaka chatha anagonjera anawadutsa osadzutsa mutu. Ine pazenera ndinayamba kukonza mawu okanyoza nawo dokotala wa masharubu atatu, ndi okauza amayi a pakiyosiki.

Kenaka mtsikana wa kumbuyo kwake anakweza mapazi.

Ndinayang'ana pansi. Kunsi kwa mpando wa Maud kunali madzi. Ankadontha m'mphepete mwa diresi, nayenda pang'onopang'ono pasimenti kulowera kudesiki ya mnyamata wa kumanja. Mnyamatayo anasuntha chikwama chake ndi phazi. Wina anagwira pakamwa. Mitu inayamba kutembenuka, umodzi umodzi, holo yonse. Munthu mmodzi yekha ndiye sankadziwa. Ankalemba.

Sindikumbuka mmene ndinadutsira pakhomo. Ba Kafula anatambasula dzanja kuti andiletse, naona chimene ndinaona, dzanjalo n'kugwa. Ndinamasula chitenje changa cha pamwamba, ndinagwada pambali pa mpando ndi kuyamba kupukuta.

"Ba Anti, muchita chani muno? Bazanichotsa!"

Anatsitsa maso. Anaona chitenje, anaona diresi lake. Anaika dzanja pantchafu pake n'kutsina, kutsina kwenikweni, ndikuona zala zikuyera. Nkhope yake sinasinthe ndi pang'ono pomwe, ndipo pamenepo ndi pamene ndinadziwa chifukwa chake mpando sunkamuwawa.

Ba Kafula anawerama. "Ba Maud, tiyeni. Nizaitana motoka."

"Kwasala ntawi bwanji?"

"Ola imozi na maminiti teni."

"Nikachoka, nizalembanso chaka chamawa?"

Ba Kafula anatsitsa maso pamndandanda wa maina uja.

Maud anatola cholembera. Kwa mtsikana wa kumbuyo uja anati, "Pepani, mwana wanga." Kwa ine sanayang'ane.

"Musagwedeze desiki," anatero.

Ndinakhala chogwada pomwepo ola lonselo ndi mphindi zake, chitenje chonyowa chili m'manja, ndipo palibe anandithamangitsa. Pamwamba pa mutu wanga cholembera chinkakanda pepala. Belu litalira, anyamata anayi anamunyamula ndi mpando womwewo kupita naye kugalimoto la koleji.

Kuchipatala anamuchita opaleshoni tsiku lomwelo. Dokotala wamkazi anandiitanira pakhonde nandifunsa kuti mwendo unazizira liti. Ndinati dzulo masana. Anafunsa chimene chinachitika. Ndinamuuza zonse, za nsapato zomwe. Sanandikalipire. Anangoti mitsempha ya m'munsi mwa msana ikapanikizika, ola lililonse limadyako, ndipo ife tinaipatsa tsiku lathunthu.

Zotsatira za mayeso zinabwera mvula itayamba. Anakhoza. Pepalalo lili mufelemu pamwamba pa kabati paja ankaika buku. Amayenda ndi ndodo ziwiri, mwendo wamanzere ukutsatira m'mbuyo, ndipo sachoka pakhomo wopanda thewera la akulu m'chikwama. Kusukulu ziwiri anamuitana, atamuona anati adzamuimbira foni. Pakadali pano amaphunzitsa ana asanu ndi mmodzi a muno m'komboni, pakhonde, atatsamira khoma. Bana Mpundu anasiya kuponda misana. Tikakumana pakiyosiki timapatsana moni ngati apongozi.

Maud sanandinenepo, ngakhale kamodzi. Anthu akafunsa amati msana unangofika pothera. Ndimamuphikira, ndimamuchapira, ndipo m'mawa uliwonse ndimamusambitsa, atakhala pachigubu m'bafa yathu ya malata. Amandilola kumusambitsa mapazi, miyendo, manja, khosi. Nthawi zina amandiuza za ana ake a pakhonde, yemwe wadziwa kuwerenga, yemwe wadya choko. Koma nsalu yosambitsira ikangotsika kuchoka m'mapewa kulowera kumsana, amabweza dzanja kumbuyo osatembenuka, nagwira mkono wanga mofatsa, n'kuuchotsa. Amatenga nsaluyo yekha, napukuta pamene dzanja lake lafika. Pamene silifika pamatsala sopo, ndipo ine ndimaima ndi kapu ya madzi, kudikira kuti andiuze kuti thirani.