Milomo ya pa Chimbale

A Mcloud Phiri anagwira ntchito pa chigayo cha pa pulazi ina ya fodya kufupi ndi Raffingora kwa zaka makumi atatu, ndipo phokoso la injini linawatha makutu. Sankauza munthu. Anangophunzira kuyang'ana pakamwa pa wolankhula, moti ambiri mu komboni ankangoti mdalayo ndi watcheru.

Anabadwira pa pulazi pomwepo ndipo ku Malawi, kwawo kwa makolo awo, sanapondeko. Chimene ankakonda chinali mafilimu a Chichewa a pa zimbale, omwe amalonda ankabwera nawo pa basi. Loweruka lililonse masana, batire la sola litadzaza, ankakhala pafupi kwambiri ndi kanema n'kumaseka okha.

Mwana wawo Jenifa, mphunzitsi ku Glendale, anabwera pa tchuthi atanyamula TV yatsopano yolumikiza ku intaneti. Anawauza kuti tsopano mafilimu onse a ku Malawi ali m'manja mwawo, palibenso kudikira amalonda. Makina akale a DVD pamodzi ndi katoni ya zimbale anapatsa mai Annet a nyumba yoyandikana nayo. A Mcloud anathokoza, nakhala pampando wawo.

Filimu itayamba, anasendera pafupi. Anapukuta magalasi awo, n'kusenderanso. Patapita mphindi zochepa anadzuka n'kunena kuti akukaona nkhuku. Mawa lake zinali chimodzimodzi. Tsiku lachitatu sanalowe n'komwe m'chipindamo.

Jenifa zinamuwawa. Anakwera kombi kupita ku mashopu a ku Raffingora kwa Harvey, bambo wokonza mafoni ndi mawailesi, poganiza kuti mwina TV ili ndi vuto. Harvey anamvetsera, kenako anafunsa ngati chithunzi chimasweka timabokosi anthu akamayenda kapena pakakhala mdima. Jenifa anati inde, koma pang'ono chabe, nkhani imamveka bwinobwino.

Harvey anamufotokozera kuti filimu yodzera pa intaneti amayamba aipanikiza, ngati mmene amadindira fodya kuti alowe mu belo. Netiweki ikafooka, ngati ya ku mapulazi kuno, imapanikizidwanso kwambiri, ndipo zoyamba kutayika ndi tinthu ting'onoting'ono: makwinya, maso, m'mphepete mwa milomo. Anati ya pa chimbale nayo ndi yopanikizidwa, koma kamodzi kokha, ndipo imatuluka chimodzimodzi kaya kunja kuli mitambo kapena ayi.

"Inu mumamva mawu, ndiye simuona chasowa," anatero Harvey. "Nanga mdala wanu amamva bwino?"

Jenifa anakumbukira mmene bambo ake ankangogwedezera mutu akawaimbira foni ya vidiyo, n'kumayankha zosagwirizana ndi funso. Iye ankati ndi ukalamba.

Atafika kunyumba anawapeza bambo ake akusoka thumba pakhonde. Anaima kumbuyo kwawo n'kuwaitana kawiri. Sanacheuke. Anazungulira, nagwada patsogolo pawo, n'kulankhula pang'onopang'ono.

"Baba, makutu anayamba liti?"

A Mcloud anaika singano pansi. Kenako anati mai ake a Jenifa ankadziwa, ndipo chimwalirireni iwo panalibe wina womuuza. Anati pa TV yatsopanoyo anthu akayamba kulankhula, pakamwa pamasanduka phala.

"Sindinafune kukukhumudwitsa, mwanangu. Unainyamula kuchokera kutali."

Jenifa anapita kwa mai Annet ali ndi manyazi, poti chopereka sabweza. Koma mai Annet anangoseka. Anati makinawo sanawalumikize n'komwe, chifukwa ankadziwa kuti mwini wake awafuna. Iwo anazindikira kale za makutuwo, pakuti kwa zaka zambiri ankachita kuwagwira paphewa a Mcloud asanawapatse moni.

Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, Jenifa analumikiza DVD ku TV yatsopano ija. Sikirini yake inali yaikulu kuposa yakale, ndipo nkhope zinatuluka zazikulu, zooneka bwino. Pa filimuyo mayi wina ankakalipira mwamuna wake za mbuzi yosowa. Jenifa anatsitsa mawu mpaka zii, kuti ayese kuona momwe bambo ake amaonera. Sanatolepo kanthu. A Mcloud anayamba kumuuza zonse zimene mayiyo ankanena, liwu ndi liwu, mpaka anatsamwa ndi chiseko.

Tchuthi chisanathe, Jenifa anawatengera ku chipatala kukayezetsa makutu, ndipo anawalemba pa mndandanda wa oyembekeza kachipangizo ka m'khutu kothandiza kumva. Anasiyanso kutumiza mavidiyo a adzukulu pa foni. Tsopano amawajambula ali pafupi, nkhope zili poyera, n'kupereka kwa Harvey kuti awaike pa chimbale. Mwezi watha a Mcloud anatumiza uthenga ku Glendale woti mdzukulu wamng'ono amalankhula mothamanga, amuuze azidekha.