Chitsime cha a Ngatini

A Sukiman anadzuka atatsimikiza zokwirira chitsime. Miyala anali ataunjika kale pakhomo, koma akazi awo a Ngatini, mayi a mwana wawo Wulan, anakhala pa chivundikiro, osasuntha.

"Mundikwirire ndi ine ndemwe, bambo a Wulan! Soya wa tempe wanga ndizimutsukira chiyani? Malovu anu?"

Paja banja lonse limadyera tempe yemweyo, chakudya cha soya wosasitsa chomwe mayiwa amagulitsa. Koma kumsika kunamveka zoti mpweya woipa wa m'mafakitale azidzaupopera pansi pa nthaka. Nanga kwathu kuno ku Grobogan, komwe matope amachita kubwatamuka okha kudambo la mchere, ndani angakhulupirire kuti cholowa pansi chimakhala pansi? A Sukiman ankaopa kuti mpweyawo udzatulukira m'chitsime n'kuwatsamwitsira ana.

Phokoso lija linakoka a Lestari a nyumba yoyandikana, omwe ntchito yawo ndi yoyeza miyala ya pansi.

"Achimwene, fosholo pansi kaye," anatero akuseka. "Munda wanu wa mpunga umasunga bwanji madzi?"

"Makande ali pansiwo."

"Basitu! Mpweyawu sausungira paliponse. Pamafunika mwala wa timabowo womwa ngati siponji, wakuya kupitirira kilomita, ndipo pamwamba pake pakhale mwala wina wothina ngati makande anuwo. Malo otere amapezeka m'zitsime zakale za gasi, ku Norway mpaka pansi pa nyanja. Kudambo kwathu kuja nthaka ndi yong'aluka, sikoyenera."

"Nanga akalakwitsa?"

"Funso limenelo mukafunse Lachinayi kumsonkhano womwe aitanitsa alendo odzapopera mpweyawo. Ndi ufulu wanu. Mukawauzenso kuti ayeze madzi a zitsime zathu asanayambe chilichonse, ndipo aziyezabe."

Lachinayilo a Sukiman anavala malaya awo a batiki a ku maukwati, nakhala kutsogolo. Anaimirira n'kufunsa funso lawo lija. Alendo aja anaonetsa mapu a malo akutali omwe akuwafufuza, ndipo anavomera kuyeza zitsime zonse ndi kumauza mudzi zotsatira.

Madzi a a Ngatini anapezeka abwino. Mayiwa anakazinga tempe mbale yodzaza, chidutswa chachikulu n'kuwapatsa amuna awo.

"Idyani, ngwazi yanga yamantha."

Anzanga, mukamva zoti pansi pa mudzi wanu pakubwera chinthu, musathamangire kuwononga zanu. Pitani kumsonkhano, funsani mpaka mumvetse, ndipo madzi anu ayezedwe.