Njanji ya ku Sarutani

Genzo Kuramochi anapita kumsonkhano atavala jekete lake la kumaukwati, mfundo atazikonza kale m'mutu. Komiti inkafuna maganizo a komwe angatalikitsire njanji ya sitima yakale ya malasha, ija imayendetsa alendo Loweruka ndi Lamulungu. Kwa iye yankho linali limodzi: kwawo ku Sarutani, kumtunda kwa chigwa. Mudziwo unatsala ndi nkhalamba zokhazokha, basi inasiya kupitako, ndipo mlongo wake, yemwe ankakhalabe komweko, ankati sitima ikadzabwerera, mwina ndi adzukulu omwe adzabwerera.

Asanatsegule n'komwe pakamwa, wapampando, a Otsuki, anaimirira n'kuwerama. "Tikuthokoza kuti nonse mwagwirizana. Njanji ipita ku akasupe a madzi otentha."

Anthu anawomba m'manja ngati ana asukulu.

"Nonse ndani?" Genzo anamenya tebulo mpaka tiyi anatayika. "Munandifunsa liti ine?"

Kuno nkhani sadulira pamsonkhano. Wapampando amayamba wayenda khomo ndi khomo ndi kabokosi ka makeke, ndipo wolandira kabokosiko ndiye kuti wavomera. Ulemu wake ndi umenewo, wotseka anthu pakamwa ndi shuga.

"Pepani a Kuramochi," anatero a Otsuki ndi mawu ofewa onyansa aja. "Tinabwera kwanu inu muli kumunda. Mayi akunyumba analandira."

Nkhope ya Genzo inatentha. Makeke a nyemba aja! Anawadya yekha, mpaka kufunsa ngati atsalako ena. Anatembenukira kwa mkazi wake Tomie, yemwe ankathirira anthu tiyi.

"Mayi, inu munkadziwa?"

"Ndikanamubweza bwanji munthu ali pakhomo, bambo? Mumafuna anthu azitiloza zala?"

"Aziloza! Ndiye mwagula mudzi wa makolo anga ndi nyemba zothira shuga, a Otsuki? Ku akasupe kwanuko kuli chiyani? Matawulo! Sitima imeneyi inapangidwira anthu, osati alendo ofuna kunyika miyendo!"

Anzake omwe ankapalira nawo udzu m'njanji ankangoyang'ana m'makapu mwawo, amantha opanda manyazi.

A Otsuki anaweramanso, kwambiri kuposa poyamba. "Pali kapempho kenanso. Zitsulo zatsopano n'zodula. Tizula zakale zija zagona m'tchire mpaka ku Sarutani. Njira ya kumeneko mumaidziwa ndinu, mukadatsogolera anyamata."

"Ine? Ndikazule ndi manja angawa? Bola mundidule mikono! Ndikagona panjanjipo, mudzayambe mwanyamula ine."

"Anyamata ayamba kale m'mawa uno, cha kusiteshoni ya kwanu ku Sarutani," anatero a Otsuki, maso ali pansi. "Achemwali anu awaphikira mpunga. Akuyesa kuti abwera kudzakonza njanji."