Zala Ziwiri Pamwamba pa Nkhunda

A Diso atamwalira anasiya mfuti ziwiri za mpweya, jekete yonunkha oyilo, ndi mkazi wamfupi amene kampani inkafuna kumutulutsa m'nyumba. Nyumbayo inali ya wantchito, ndipo ntchito ya malemuwo inali kupha nkhunda m'shedi yosungiramo matumba a mpunga. Nkhunda zikanyera matumba, ogula ankabweza katundu yense.

"Bwanji ndizipha ineyo nkhundazo?" mayiyo anafunsa kapitawo wa shediyo.

Kapitawoyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ulendo wosatalika kwenikweni. "Ndikupatsani masiku asanu, mayi. Zikapanda kuchepa pofika Lachisanu, makiyi a nyumba ndiwapeze patebulo panga."

Mfuti yaikulu, ya zipolopolo zonenepa, inamukana. Poitchera umayenera kuithyola pakati, ndipo iye analimbana nayo mpaka mitsempha ya m'khosi kuima, koma osatheka. Anatenga yaing'ono, ya tizipolopolo toonda, imene amuna ake ankainyoza kuti ndi ya makoswe. Inali yomwe ija anamubwerekapo kamodzi kuti agwetse zitini kuseri kwa nyumba, n'kumuseka tsiku lonse chifukwa chotsinzina maso onse awiri.

Komabe malemuwo anasiya malangizo. Pamphuthu ya chitseko cha shedi, pomwe ankatsamira akamawombera, analembapo ndi pensulo, powerenga zipilala za m'shedimo kuchokera pakhomo: chipilala chachiwiri, lunjika pomwepo, chachinayi, zala ziwiri pamwamba pa nkhunda, chachisanu ndi chimodzi, chikhatho chonse. Ankati chipolopolo chimatopa, chikayenda mtunda chimawerama ngati munthu wosenza thumba, ndiye uzichikwezera. Zolembazo zinali m'mwamba, pamsinkhu wa mwini wake. Mayiyo anakoka kreti yamatabwa, naigunditsa kumphuthu, nakwerapo kuti diso lake likhale pomwe linkakhala la amuna ake.

Lolemba anagwetsa nkhunda ziwiri pachipilala chachiwiri. Zotsalazo sizinali zopusa, zinasamukira mkati, pamitanda ya chachinayi kupita uko. Iye anayeza zala ziwiri monga mwa malangizo, nakoka. Phaa! Chipolopolo chinakalira pamalata. Nkhunda zinauluka, kuzungulira kamodzi, n'kuteranso pomwepo. Anayesa kakhumi, ndipo kakhumi konseko chinadutsa pamwamba.

Masana, onyamula katundu atapita kukadya, m'shedimo munati zii. Ndi pamene anamva kutsokomola. Kouma, kawiri, kuchokera kuseri kwa matumba. Malata akatentha amalira, zimenezo ankazidziwa, koma malata satsokomola. A Diso anatsokomola choncho miyezi isanu ndi itatu, n'kumamuuza kuti ndi fumbi la mpunga basi, mpaka tsiku limene anagwa pageti osadzukanso. Mayiyo anazungulira matumba onse osapeza munthu. Anachita mantha, ndipo sanauze aliyense.

Lachitatu kunabwera mlamu wake, mng'ono wa malemuwo, woyendetsa lole ya kampaniyo. Anaima manja m'thumba, akumvetsera malata.

"Alamu, mukuwombera nkhunda kapena angelo?"

"Ndikutsatira zimene analemba achimwene anu."

Mlamuyo anasiya kuseka. "Mwina sakufuna eni ake. Munthu uja nsanje yake inali pamfuti, osati pamkazi."

Ananena mocheza, koma mawuwo anamukhala pamtima mayiyo. Kuyambira pamenepo, akati akoke, ankamva ngati dzanja lina likunyamula kukamwa kwa mfutiyo pang'ono chabe. Fungo la oyilo linkamufikira ngakhale jekete ija anaitsekera m'sutikesi kunyumba. Lachinayi analankhula mokweza, ali pakreti pomwepo.

"Bambo, ngati simukufuna ndiime pamalo panu, ndiye ndikagone kuti?"

Kuseri kwa matumba kunatsokomola kawiri.

Lachisanu m'mawa anapeza kreti palibe, onyamula katundu anaitenga osamufunsa. Analibe mphamvu zoti n'kukangana ndi munthu. Makiyi a nyumba anali kale m'thumba la epuloni, ndipo mbale anali atazikulunga m'manyuzi. Anangokhala pansi pasimenti, mfuti pamiyendo, mutu n'kuutsamiritsa kumphuthu.

Pafupi ndi phewa lake, pamalo pomwe kreti inkaphimba sabata yonseyi, thabwa linali losemedwa ndi mpeni, kamphako kokwana kuikamo mfuti. Pansi pake panali zolemba za pensulo yomweyo, koma za dzanja lonjenjemera.

"Mayi, khalani pansi, musaime. Yaikuluyo simungaithe, tengani yaing'ono. Chipolopolo chake n'chopepuka, chimathamanga, sichiwerama msanga. Zapamwambazo si zanu, mungathe malata. Chachiwiri, pomwepo. Chachinayi, chala chimodzi. Chachisanu ndi chimodzi, zala zitatu, zanuzo, osati zanga."

Kumapeto analemba tsiku ndi mwezi. Mayiyo anawerenga miyezi ndi zala. Inali isanu asanagwe pageti paja, sabata yomwe anabwera kunyumba ndi nsalu ya makatani, akuimba mluzu, n'kumamuuza kuti adokotala ati ndi fumbi, lidzatha lokha.

Manambala amenewo munthu sangawalote. Ndiye kuti chimunthu chachitali chija chinapinda miyendo pasimenti pomwepa, masana angati kaya, ndi mfuti ya makoswe imene chinkainyoza, kuwombera, kukayeza, kutsokomola, kubwerera kudzakhalanso pansi. Kenako n'kumapita kunyumba kukadya osanena kanthu. Mayiyo anakwiya kwambiri.

Anaika mfuti m'kamphako muja. Inakwana ndendende. Pamtanda wa chachinayi panali nkhunda yotuwa ikudzikonza nthenga. Anakweza chala chimodzi, nakoka. Malata sanalire. Nkhundayo inagwa pasimenti, thi.

Pofika masana zinalipo khumi ndi imodzi, zondanda pakhomo. Kapitawo anazigunda ndi nsapato, naziwerenga kawiri.

"Makiyi aja sungani, mayi. Lolemba mubwere seveni koloko."

Atachoka, onyamula katundu nawo anapita kukadya, m'shedimo munatinso zii. Mayiyo sanadzuke. Anayala chikhatho pazolemba zija.

"Munkadziwa, bambo," anatero. "Mwauza thabwa, ine osandiuza."

Anatchera khutu kuseri kwa matumba. Sabata yonse ankapemphera kuti kutsokomolako kuleke, koma tsopano anakudikira, mfuti ili pamiyendo, mpaka onyamula katundu anabwerako kokadya. Sikunamvekenso.