Mkaka wogona

Kuntchito atandiuza kuti ndikakhale nawo pamsonkhano wa masiku awiri ku Siavonga, sindinakane. Ndinene zoona, ndinakondwera. Mwana wanga Jabez anali ndi miyezi khumi ndi umodzi, ndipo chibadwire chake ndinali ndisanagonepo tulo tofika m'mawa. Tsiku lililonse ndinkadzuka kusanache, kumuyamwitsa, kukamusiya kwa apongozi anga kuseri kwa munda, n'kuthamangira minibasi ya ku Lusaka. Madzulo ndikatsika kwathu ku Palabana, chikwama chisanafike n'komwe pansi, mwana ali kale pachifuwa. Ndinkamukonda, koma ndinali nditatopa mpaka m'mafupa.

Mpumulo umene ndinkaulakalakawo sindinaupeze. Mabere anatupa n'kulimba ngati mapapaya osapsa. Anzanga akamamwa tiyi, ine ndinkakhala ndili m'bafa, kukamira mkaka musinki. Lachisanu masana ndinafika kumudzi bulauzi itanyowa, mtima uli pa chinthu chimodzi chokha: ndimuike mwanayu kubere, tonse awiri tipepukidwe.

Ndinapeza apongozi, amayi Nelesi, akutsuka zigubu za mkaka, Jabez ali kumsana. Iwowa ali ndi ng'ombe zitatu zamkaka, ndipo nkhani iliyonse padziko lapansi amaiyeza ndi ng'ombezo. Mwamuna wanga Norbert anali pamthunzi, akumata chubu cha njinga.

Jabez atandiona anayamba kudumphadumpha m'chitenje. Ndinamulandira, ndinakhala pampando, n'kuyamba kumasula mabatani.

"Amake Jabez, mufuna kuchita chani?" anafunsa apongozi.

"Nimuyamwise, amai. Mabele yanibaba."

"Iyayi. Mwagona kunja. Uyo mukaka wasasa, mwana azayamba kutulula m'mimba."

Ndinaseka poganiza kuti ndi nthabwala, koma nkhope yawo sinasinthe. Anati mayi akagona usiku wathunthu kutali ndi mwana, ndiye kuti kuyamwitsa kwathera pomwepo. Anati aliyense kuno amadziwa zimenezo, ndipo iwo ankaganiza kuti ponyamuka ndinali nditasankha kale kumuletsa mwana kuyamwa.

"Mukaka wa mu chigubu ukagona, kuja kwamene tigulisa baubweza," anatero. "Manje wanu ndiye usiyana bwanji?"

Ndinayang'ana Norbert. Munthu wa mulomo ameneyu, amene pa mpira amatsutsana ndi mudzi wonse, tsiku limenelo anali wotanganidwa kwambiri ndi kufufuza pobooka pachubu.

"Atate ake Jabez, simukamba?"

"Ine izi za bazimai sinizibako," anayankha osadzutsa mutu.

Mtima unandipsa. Ndinatulutsa foni n'kuimbira Tisauke, mnzanga wa kutchalitchi amene ndi namwino, ndipo ndinakweza mawu a foniyo kuti bwalo lonse limve. Tisauke anafotokoza mwaulemu kuti bere si chigubu, mkaka suwolera m'thupi, mwana ayamwe basi. Apongozi anamvetsera mpaka kumapeto, anapukuta manja pachitenje, n'kunena kuti, "Mwana ni wanu. Ine nakamba."

Ndinanyamula Jabez kupita naye kunyumba kwathu, ndikuyenda monyada ngati wawina mlandu. Ndinatseka chitseko, ndinakhala pabedi, ndinamuika pamiyendo monga mwa masiku onse.

Analiyang'ana bere lija. Analigwira ndi chala, anaseka, kenako anatembenuza mutu n'kuyamba kulimbana ndi zipi ya chikwama changa.

Ndinamusinthira mbali ina. Anakankha ndi manja onse awiri. Ndinafinyira dontho pamilomo pake, iye anangolavula n'kutsetsereka kutsika pansi, kukwawira kukhomo. Ndinadziuza kuti wakhuta phala, njala ikamugwira abwera yekha.

Sanabwere. Loweruka ndinamumana phala mpaka dzuwa litafika pamutu, analira mpaka mawu kusasa, koma ndikamuyandikiza kubere ankapinda msana n'kukuwa kwambiri. Pomaliza ndinagonja n'kumupatsa phala lija, ndipo anadya mbale yonse, misozi ili m'masaya. Tisauke anati ana ena amatero akasiyidwa, ndilimbikire, mwina abwerera. Lamulungu kutchalitchi ndinatuluka naye katatu kukayesa kuseri kwa khoma. Katatu konseko anakana.

Chimene chinkandiwawa kuposa mabere ndi ichi: kwa miyezi yambiri ndinkapemphera chamumtima kuti kuyamwitsaku kuthe. Ndinkawerenga masabata. Koma ndinkafuna kuti ndidzasankhe ndekha tsiku lake, ndidzadziwe kuti aka n'komaliza, ndidzamuyang'ane bwinobwino. Komaliza kwenikweniko kunali Lachinayi m'mawa, ndili chiimire, diso lili pawotchi, ndipo ndinamuchotsa asanakhute chifukwa minibasi inkandisiya. Ndinadzimvera chisoni, ndiponso ndinachita manyazi, chifukwa pansi pa chisonicho panali kampumulo kamene sindikanakabisa kwa ine mwini.

Lolemba m'mawa ndinkalephera ngakhale kukweza mkono kuti ndipese tsitsi. Ndinapita kukamusiya Jabez monga mwa nthawi zonse. Apongozi anali atangomaliza kukama. Anandiyang'ana pachifuwa, anaika mwana pamphasa, n'kulowa m'nyumba. Ndinadikira mawu akuti "ndinanena ine", ndipo yankho ndinali nditalikonza kale.

Anatuluka ndi chitenje chakale chofewa, atachipinda kanayi m'litali.

"Lobani mukati, muvule bulauzi," anatero.

Ndinalowa. Anandizunguliza chitenje chija pachifuwa kuti amange mabere mkaka uume, manja awo akuzizira ndi madzi otsukira zigubu.

"Mwana aziba mukaka wosasa," ananena motsitsa mawu, osati monyoza. "Musazivute. Na ine pali Norbert ninalila sabata yonse."

Ndikanatha kuwauza kuti mkakawo unali wabwinobwino, kuti sanakane chifukwa cha zimenezo. Koma chifukwa chenicheni ngakhale ine sindinkachidziwa, ndipo mphamvu zokangana zinali zitandithera. Panja Jabez ankamenya chigubu ndi supuni, akuseka yekha.

"Nimange maningi?" anafunsa apongozi, atagwira nsonga ziwiri za chitenje kumsana kwanga, okonzeka kuchikoka mwamphamvu.

Ndinakweza manja m'mwamba, misozi ikutsikira m'khosi.

"Mangani, amai," ndinatero.