Tebulo la Anthu Awiri

Foni inalira m'thumba la jekete ya malemu, imene inali ikadali pamsomali wake kuseri kwa chitseko. Onse atatu anayang'ana jeketeyo, wina osasuntha. Panali patatha masiku asanu ndi limodzi chiwaikire Bambo m'manda, koma kafoni kawo ka mabatani kaja kanali kasanamve uthenga, batire yake inali ikadali moyo.

Amene anaiyankha ndi Chitsirizira, mwana wamkazi wa m'nyumbamo, namwino wosadziwa kukhala pansi. Manja ake anali ndi sopo wa mbale, ndiye anangodina ndi chala chaching'ono, mawu n'kumveka pabalaza ponse.

"Moni," anatero mwamuna wa mawu ofatsa. "Ndikuimba kuchokera ku lesitilanti ya pahotela yaikulu ija. Ndimafuna kuwakumbutsa amisiri za tebulo lawo la anthu awiri, mawa Lachisanu, sikisi koloko madzulo."

"Bambo anatisiya sabata yatha," anatero Chitsirizira.

Kenako mwamunayo anapepesa, anapepesanso, n'kunena kuti tebulolo alisungabe mpaka mawa, mwina banja lingafune kubwera.

"Anthu awiri," anatero Amayi foni itadulidwa.

Anali pampando wawo, uja Bambo anaudula miyendo kalekale kuti mapazi a Amayi azifika pansi, pakuti Amayi ndi munthu wamfupi zedi. Pambali pawo panali tiyi wozizira ndi buledi wosakhudzidwa. Chichitikire malirowo anali asanadye chakudya chenicheni, ndipo chimene chinkawaopsa anawo kwambiri n'chakuti anali asanagwetse msozi ngakhale umodzi.

Bambo anali kalipentala, ndipo ntchito yawo inalibe poidandaulira kupatula chinthu chimodzi: sinkatha pa tsiku lake. Makasitomala anawapatsa dzina loti a Bwerani Mawa, iwo n'kumaliyankha mosangalala. Analinso ndi khalidwe limene linkawachititsa manyazi ana awo. Kulikonse kumene afika, kaya kuchipatala, kaya kwa apongozi, ankayamba agwedeza tebulo asanakhale. Zaka makumi anayi m'banja, sanawatengepo Amayi kukadya kunja ngakhale kamodzi. Ankati matebulo a kumeneko amagwedera.

Ndiye mwezi wathawu munthu yemweyo anayamba kutuluka masana atavala jekete, tsitsi atapesa. Amayi akafunsa, ankati akupita kwa kasitomala. Kasitomala wanji wopesera tsitsi? Anakangana, ndipo anali asanagwirizane bwinobwino pamene mtima wa Bambo unaima m'shedi mwawo, ali mkati mopala thabwa.

"Amayi, si mwezi uno munakwatirana?" anatero Chitsirizira. "Zaka fote zakwanatu. Tebulolo ndi lanu."

"Tinakwatirana pa 14, ndipo pa 14 linali Lachiwiri lapitali. Mawa ndi pa 17."

"Mwina anasokoneza."

"Bambo ako? Tembenuza chilichonse m'nyumba muno, upeza analemba tsiku ndi pensulo kunsi kwake. Kuchedwa ankachedwa, koma masiku sankasokoneza."

Mwana woyamba, mphunzitsi wamkulu pasukulu ina, amene ngakhale mayi ake ankamutcha Ahedi, anatsokomola monga amachitira asanalengeze chinthu.

"Nkhaniyi ithere pompano. Iwe, aimbirenso anthuwo uwauze kuti sitibwera. Maluwa pamanda sanafote, mayi wamasiye akapezeke kuhotela ndi foloko m'manja? Anthu ati chiyani? Komanso," anatsitsa mawu, "pali zinthu zina ndi bwino zikwiririke limodzi ndi mwini wake."

"Ndiye nanunso Ahedi mukuganiza zomwe ndikuganiza ine."

"Sindinatero, Amayi."

"Mwatero. Ndipita. Ngati mkazi winayo sanamve za maliro, abwera atadzola, andipeza ndakhala."

"Monga mwana wamkulu, ndikukana."

"Iwe," anatero Amayi, ndipo ulemu wa Ahedi unathera pomwepo, "ndinakusambitsa ine. Sindikupita kukasangalala. Masiku onsewa ndikafuna kulira, jekete iyo imandiyang'ana. Ndikufuna ndidziwe amene ndikumulira, ngati ndi mwamuna wanga kapena wabodza."

Chitsirizira anabwerera ku mbale zake.

Mawa lake Ahedi anafika faifi koloko atamanga tayi, akunena kuti iwo angowaperekeza basi, galimoto satsika. Njira yonse analankhula za ulemu wa banja. Atafika anatsika woyamba n'kuwatsegulira Amayi chitseko.

Mkatimo munali kapeti yomeza mapazi, moti munthu sunkamva kuyenda kwako komwe. Nyali zinali zowala pang'ono, wina ankaimba piyano pakona mosafuna kudzutsa aliyense, ndipo pamalo pa munthu mmodzi panali matambula atatu ndi mafoloko okwanira banja lonse. Amayi anaima pakhomo, chikwama atachipanira m'khwapa, maso ali pa makatani.

Mkulu wa operekera zakudya, bambo wa imvi wovala zakuda, anabwera n'kuwerama pang'ono. Mawu ake anali omwe aja a pafoni.

"Mwafika, mayi. Ndinu akunyumba kwa amisiri."

"Mwandidziwa bwanji?"

"Anandiuza kuti mukalowa, muyamba mwaona ngati makatani ndi ochapa."

Chitsirizira anaseka n'kudzigwira pakamwa. Amayi sanaseke.

"Mkazi aliyense amayang'ana makatani," anatero.

Anawatengera ku tebulo la pawindo, la nsalu yoyera yofika mpaka pansi. Anyamata awiri anabweretsa mipando ina iwiri ya anawo. Ahedi, asanakhale, anagwira m'mphepete mwa tebulo n'kuligwedeza. Anazindikira okha zimene achita, n'kubweza dzanja msangamsanga.

"Achimwene!" anatero Chitsirizira. "Si inu munkathawa panja Bambo akachita zimenezi?"

"Ndimangotsamira."

"Silingagwedere limenelo, bwana," anatero mkulu uja akumwetulira. "Analikonza okha."

Ndiye anafotokoza, Amayi ali chiimire, manja ali pa msana wa mpando. Amisiri anabwera kanayi. Ulendo woyamba anagwedeza matebulo onse mmodzimmodzi, makasitomala akuonerera, mpaka abwana a malowo anatsala pang'ono kuitana alonda. Anasankha la pawindo, koma anati mwendo umodzi ndi wabodza. Ulendo wachiwiri anabwera ndi zida m'thumba la jekete, anagona chagada pakapeti n'kulikonza. Abwana ataona, anawapempha kuti aonenso ena atatu.

"Anawakonza?" anafunsa Ahedi.

"Anati abwera mawa."

Apa ngakhale Ahedi anaseka, kuseka kwa m'mphuno kumene amabisira ana asukulu.

"Ulendo wachitatu anabwera kudzaphunzira mafoloko," anapitiriza mkuluyo. "Tinakhala nawo masana kulibe anthu. Anati safuna kuchita manyazi pamaso pa mayi, chifukwa mayi akakuseka amaseka chaka chathunthu. Analawanso supu wathu n'kumuuza wophika kuti achepetse mchere, mayi ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi."

"Theka la akazi a msinkhu wanga lili ndi vuto limenelo," anatero Amayi, koma mawu awo anali atayamba kufewa. "Dzina anatchula?"

"Ayi. Ankangoti mayi."

"Mwaona? Nanga tsikuli? Ine ndinakwatiwa pa 14, bambo. Ngati anakuuzani kuti lero ndi tsiku la ukwati wake, ndiye ndi ukwati wina umene ine sindikuudziwa."

Mkulu uja anakanda pachibwano, akukumbukira.

"Zimenezo ndinawafunsa, polemba mawu a pakeke. Anati, 'Lembani zaka makumi anayi. Tsiku la papepala ndi pa 14, koma lenileni ndi pa 17, tsiku limene bedi linatha. Mayi akudziwa.' Ine sindinafunsenso zambiri."

Mapewa a Amayi anayamba kugwedera. Chitsirizira anathamangira kuwagwira poganiza kuti akugwa, koma ayi ndithu, kunali kuseka. Anaseka mpaka woimba piyano anatembenuka.

"Bedi," anatero akupuma movutikira. "Munthu uyu anandilonjeza kuti ndikadzalowa m'nyumba mwake ndidzapeza bedi lopanga yekha. Ukwati watha, tafika kunyumba, ndikupeza matabwa atatsamira khoma. Akuti, 'Litha mawa.' Ine ndinati chabwino, bedi likatha mundiuze. Ndinakagona kukhitchini masiku atatu, chitseko nditatseka ndi mpando."

"Amayi, chonde," anatero Ahedi akuyang'ana uku ndi uku, "pali anthu pano."

"Usiku wonse ndimangomva sowo ikucheka matabwa. Sindinamuonepo akugwira ntchito mwachangu chotero."

"Amayi!"

"Nanga iwe ukuganiza kuti unachokera kuti?"

Chitsirizira anali atagwetsa mutu patebulo, akulira ndi kuseka. Ahedi anamasula tayi pang'ono n'kumwa madzi a m'tambula yolakwika.

Kuseka kwa Amayi kunatha pang'onopang'ono. Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Chaka chilichonse pa 14 ndinkamutukwana mumtima kuti waiwala," anatero. "Ndipo chaka chilichonse pa 17 ankabwera ndi kenakake, kaya sopo wonunkhira, kaya mpango. Ine ndinkati ndi a Bwerani Mawa, achedwa monga mwa masiku onse. Ndinkalandira ndi nkhope yokwinya. Woiwala ndinali ine."

"Khalani pansi, Amayi," anatero Ahedi, tsopano mofatsa.

Amayi anayang'ana mpandowo. Unali wautali, wa msana wowongoka, mtundu umene ankadana nawo moyo wawo wonse chifukwa miyendo imalendewera ngati ya mwana ndipo pakatha mphindi khumi imachita dzanzi. Anapatsa Chitsirizira chikwama, anadzikweza, mkulu uja n'kukankhira mpando kutsogolo.

Mapazi awo sanalendewere. Anaponda pa chinthu.

Chitsirizira anakweza nsalu ya tebulo n'kusuzumira. Pansipo panali kampando kopondapo mapazi, kakang'ono, kosalala, kakununkhabe vanishi.

"Ndi ulendo wachinayi umenewo," anatero mkulu uja. "Anakabweretsa m'thumba la pulasitiki. Anayeza mpandowu ndi tepi, anakaika, anakagwedeza, n'kundiuza kuti ndisanene kanthu, mayi akapeza okha."

Chitsirizira anagwada, anakatulutsa n'kukaika pafupi ndi mwendo wake. Kwa iye, mkazi wamtali, kakanamukweza mawondo mpaka kugunda tebulo. Kanali ka munthu mmodzi yekha padziko lonse.

"Tembenuza," anatero Amayi.

Kunsi kwake kunali pensulo ya Bambo, manambala opendekera aja. Pa 7. Tsiku limodzi asanamwalire, masiku khumi tsiku lake lisanakwane.

Ahedi anakalandira, anakayang'ana nthawi yaitali, chala chikuyenda molumikizira matabwa. Atalankhula, mawu awo sanali a pamsonkhano wa makolo.

"Sanachedwe," anatero.

Apo Amayi analira. Sanabise nkhope, sanafuule, misozi inangotsika yokha mpaka pa kolala ya diresi, ndipo anawo anaisiya itsike. Mkulu uja anapita mwakachetechete, nabwera ndi supu ndi dengu la buledi wofunda. Supuyo anali pang'ono pakati pa mbale yaikulu, ndi katsamba kamodzi pamwamba.

"Ameneyu ndi wolawa kapena ndi yemweyu?" anafunsa Amayi akufwenthera m'kansalu kopukutira pakamwa kopindidwa bwino.

"Ndi yemweyo, mayi. Koma kukubwera zina zinayi, kenako keke."

"Bwezeretsa kampandoko pamalo pake," Amayi anauza Ahedi.

Mphunzitsi wamkulu anagwada pakapeti ndi tayi yake, pamaso pa anthu onse aja ankawaopa, nalowetsa mutu pansi pa nsalu. Anakaika kampandoko, ndipo onse anamumva akukagwedeza kawiri asanatuluke.

Amayi anavula nsapato, ina kenako inzake, n'kuponda pa thabwalo ndi mapazi opanda kanthu. Anatenga supuni imene inali pafupi, yomwe sinali ya supu, ndipo palibe anawakonza. Anayamba kudya.